Kaduwa Kokonda Matope

Kuseri kwa nyumba yanga kuli ngodya ina imene inandisowetsa mtendere kwa zaka zinayi. Madzi onse a padenga amatsikira pamenepo, ndipo pansi pake ndi dongo lokhalokha, loti ukaliponda nthawi ya mvula limagwira phazi osafuna kulitaya. Ndinayesapo maluwa amitundu ingapo ochokera ku nazale. Onse ankayamba bwino, masamba ali biriwiri, koma mvula ikangogwa milungu itatu yosalekeza masambawo ankafota, tsinde n'kufewa, ndipo ukazula umangomva fungo la mizu yowola. Ndinathirapo mchenga, ndinakumba kangalande, ndinaunjikapo dothi lina kuti pakwere. Madzi ankabwererabe pamalo pawo.

Chomera chimene chinathetsa nkhaniyi ndinakumana nacho m'mawa wina ndikuyenda m'mbali mwa kamtsinje, pamalo pomwe udzu unali waufupi ndipo nthaka inkatulutsa madzi ukaiponda. Pakati pa udzuwo panali timaluwa tachikasu, kalikonse kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, koma tinkanyezimira mwa njira imene ndinali ndisanaionepo pa duwa lililonse. Poyamba ndinkayesa mame. Ndinagwada n'kukhudza kamodzi ndi chala, ndipo kanali kouma. Kunyezimirako kunali kwake, ngati wina anakapaka vanishi usiku. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, maondo ali m'matope, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinazindikira kuti dothi limene ndinagwadapolo linali lofanana ndendende ndi la pangodya yanga ija: lakuda, lomata, losasowa madzi. Pamene maluwa anga ogula ankafera, kaduwa aka kankasangalalapo.

Nditafananiza masamba ake ndi zithunzi za m'mabuku a zomera, ndinapeza kuti ndi Ranunculus multifidus, mmodzi mwa maluwa amene pa Chingerezi amawatchula kuti buttercup, kutanthauza kapu ya batala, chifukwa cha mtundu wake ndi kaumbidwe kake. Dzina la Chilatini ndi limene ndinalikonda kwambiri. Mawu akuti rana amatanthauza chule, ndipo ranunculus ndi kachule. Anthu akale anaona kuti zomera zambiri za mtundu umenewu zimamera kumene achule amakhala, n'kuzipatsa dzina la mnansi wawoyo. Multifidus ndiye kuti wong'ambika kambirimbiri, ndipo ukayang'ana tsamba lake umavomereza: limagawika m'timagawo, kagawo kalikonse n'kugawikanso, m'mphepete muli timano, ndipo tsamba lonse lili ndi ubweya wosalala. Mtundu wa Ranunculus uli ndi zomera mazanamazana padziko lonse. Zina zimakhala m'madzi enieni, zina pamwamba pa mapiri, monga Ranunculus glacialis wa ku Alps amene amapezeka kumtunda kopitirira mamita 4,000, kapena Ranunculus oreophytus amene amamatirira pansi m'mapiri aatali a kum'mawa kwa Africa. Wanga uyu ndi wamba pakati pawo. Amamera m'madambo, m'mbali mwa mitsinje ndi m'misipu yachinyezi kuyambira ku South Africa kukafika ku Ethiopia, komanso ku Madagascar, mpaka kuwoloka nyanja kukafika kum'mwera kwa Arabia.

Ku Arabia komweko ndi kumene dzinali linachokera, ndipo nkhani yake imandikhudza nthawi iliyonse ndikaikumbukira. Amene analipereka ndi Peter Forsskål, wobadwira ku Helsinki mu 1732, wophunzira wa Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden. Mu 1761 iye ananyamuka ku Copenhagen pamodzi ndi anzake asanu pa ulendo wofufuza umene Mfumu Frederick V ya Denmark inawatuma. Anadutsa ku Egypt n'kukafika ku Yemen, Forsskål akutola zomera, kuziumitsa ndi kulemba maonekedwe ake. Malungo anawagwira mmodzimmodzi. Forsskål anamwalira ku Yarim mu 1763 ali ndi zaka 31, ndipo pa anthu asanu ndi mmodzi aja amene anabwerera wamoyo anali Carsten Niebuhr yekha, mu 1767. Niebuhr ntchito yake inali yoyeza malo ndi kujambula mapu, koma anasunga zolemba za mnzake, ndipo mu 1775 anazisindikiza m'buku la Flora Aegyptiaco-Arabica. M'bukumo ndi momwe dzina la kaduwa aka linalembedwa koyamba, mwini wake atatha zaka 12 ali m'manda. N'chifukwa chake m'mabuku a zomera, kumapeto kwa dzinali mumakhala kachidule kakuti Forssk. Ndikamathirira mbande zanga ndimaganizira mnyamata uja, wodwala, ali kutali ndi kwawo, akugwada pamatope ena ake kuwerenga timagawo ta tsamba lomweli.

Chomerachi sichifa chikabereka njere. Chitsa chake chimakhala m'nthaka zaka zambiri, chili ndi mizu yambiri yoyera ngati ulusi wokhuthala, ndipo chaka ndi chaka chimatulutsa masamba atsopano. Masamba oyamba amatuluka pansi penipeni, pa timapesi tatitali, n'kupanga kamulu kobiriwira. Kenako pakati pake pamatuluka mapesi ochita nthambi, ndipo kumapeto kwa nthambi iliyonse kumakhala duwa limodzi. Pangodya panga mapesiwo amafika m'maondo, koma pamalo ouma pang'ono amathera m'msongolo. Duwa lili ndi timasamba tachikasu tisanu, ndipo kunsi kwake kuli timasamba tina tobiriwira timene timapindikira m'mbuyo duwa likatseguka. Pakati pali mungu wambiri, ndipo pakatikati penipeni pali kamutu kobiriwira kamene pambuyo pake kamadzasanduka mulu wa njere. Mukathothola katsamba kachikasu kamodzi n'kuyang'ana kumene kanalumikizana ndi duwa, muona kadzenje kakang'ono kophimbidwa ndi kakhungu. M'menemo ndi momwe mumakhala timadzi totsekemera, ndipo tizilombo timene timabwera kudzamwa timachoka titadzipaka mungu.

Koma kunyezimira kuja ndi kumene kunandichititsa kuwerenga mpaka usiku. Maluwa ambiri achikasu ukawayandikira amaoneka ngati nsalu, chifukwa khungu la timasamba tawo lili ndi timabampu tosaoneka ndi maso timene timamwaza kuwala mbali zonse. Buttercup ndi wosiyana. Khungu lake lakunja ndi lopyapyala kwambiri, losalala ngati galasi, ndipo utoto wachikasu uli m'khungu momwemo. Pansi pa khunguli pali kampata ka mpweya, ndipo pansi pa mpweyawo pali maselo odzaza ndi sitalichi yoyera. Kuwala kwa dzuwa kukagwerapo, kwina kumabwerera pomwepo ngati pakalilole, chifukwa cha kusalala kwa khungu ndi mpweya uli pansi pake. Kotsalako kumalowa, n'kukagunda sitalichi ija, n'kubwerera kudzeranso mu utoto kachiwiri. Ndiye chikasu chimene diso limaona chimakhala chakuya ndiponso chowala nthawi imodzi. Izi anazifotokoza bwino ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge, pakati pawo Silvia Vignolini ndi Beverley Glover, mu 2011, atapima mbale wake wa ku Ulaya, Ranunculus repens. Ku England ana amaika duwa limeneli pansi pa chibwano cha mnzawo, ndipo chibwano chikawala chikasu amati ameneyo amakonda batala. Chimawala kwa aliyense, chifukwa duwalo limaponya kuwala kwake kulowera mbali imodzi ngati tochi. Mu 2017 Casper van der Kooi ndi anzake, ofufuza a ku Groningen m'dziko la Netherlands, anawonjezera ganizo lakuti kunyezimiraku kumathandiza tizilombo kuona duwa lili patali, ndiponso kuti kaumbidwe kake kakapu kamabwezera kuwala pakati pa duwa n'kutenthetsa mungu ndi njere zomwe zikupangika. Ine zimene ndimaona ndi maso anga n'zakuti dzuwa la m'mawa likafika pangodya paja, timaluwato timaoneka ndili pakhomo, pomwe maluwa ena akuluakulu sakuonekabe.

Tsopano chenjezo, ndipo ndikulinena ndisanafike pa kabzalidwe chifukwa ndinaliphunzira ndi khungu langa. Tsiku lina ndinkathothola masamba okalamba ndi manja opanda kanthu, kuwafinyafinya m'dzanja ndisanawataye. Pofika madzulo pakati pa zala panayamba kuyabwa ndi kutentha, ndipo m'mawa mwake panali matuza awiri ngati ndapsa ndi madzi owira. Zomera za mtundu umenewu zili ndi mankhwala otchedwa ranunculin, amene savulaza tsamba likakhala lathunthu. Likangotafunidwa kapena kufinyidwa, mankhwalawa amasweka n'kutulutsa ena otchedwa protoanemonin, ndipo amenewa ndi amene amawotcha khungu, m'kamwa ndi m'matumbo. Anthu olankhula Afrikaans ena amachitchula chomerachi kuti brandblare, masamba owotcha. Ku Ulaya kuli mbale wake wina woopsa kuposa uyu amene anamupatsa dzina lakuti sceleratus, woipa mtima. Banja lonse la zomerazi, Ranunculaceae, lili ndi mbiri yomweyi, ndipo Aconitum, imodzi mwa zomera zachiphe kwambiri ku Ulaya ndi ku Asia, ndi ya m'banja lomweli. M'madera ena a kum'mwera kwa Africa asing'anga amagwiritsa ntchito Ranunculus multifidus pa matenda osiyanasiyana, koma ine sindingalangize munthu kumwa kapena kudzipaka. Ndinaona zimene madzi a masamba ochepa chabe anachita pa zala zanga, ndipo m'mimba ndi mofewa kuposa chala.

Mnansi wanga, bambo wachikulire amene amaweta mbuzi, atandipeza ndikuwokera mbande anaima pampanda n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwanangu, udzu umenewu ndimaudziwa. Mbuzi zanga zimaulambalala. Iwe ukuubzaliranji pakhomo?" Ndinati, "Bambo, dikirani uchite maluwa, mudzaone." Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino, koma mpandawu uulimbitse." Ananena zoona. Ziweto zimachipewa chomerachi chifukwa n'chowawa, koma msipu ukatha n'kusowa china chodya zimatha kuchidya, ndipo zikatero zimatuluka dovu, m'kamwa mumachita zilonda, ndiponso zimatsegula m'mimba. N'chifukwa chakenso msipu wodyetsedwa mopitirira muyeso umadzaza ndi buttercup: udzu wabwino umatha, chowawacho n'kutsala chokha chikufalikira. Chomera chikauma poizoni uja amasanduka anemonin, amene sawotcha, ndiye mu udzu wouma wosungira ziweto sichivuta. Mpanda ndinaulimbitsa sabata yomweyo, ndipo kuyambira tsiku la matuza lija sindichigwira popanda magolovesi. Ngati pakhomo panu pali ana aang'ono oika chilichonse m'kamwa, chibzaleni kumene sangafike, kapena dikirani akule kaye.

Njere zoyamba ndinakazitenga ku kamtsinje komwe kuja. Sindinakumbe chitsa, ndipo ndikupempha aliyense kuti asatero. Chitsa chimodzi cha kutchire chatha zaka chikugwira dothi la m'mbali mwa madzi, ndipo chomera chimodzi chimabereka njere zochuluka zoti zingakukwanireni inu n'kutsalanso zambiri. M'malo otetezedwa ndi boma, ngakhale njere sizitengedwa popanda chilolezo. Nthawi yabwino ndi pamene kamutu ka njere kasiya kubiriwira n'kuyamba kuoneka ngati udzu wouma. Ukakapekesa pang'ono ndi zala, tinjere timagwera m'dzanja tokha: tating'ono, tophwatalala, kalikonse ndi kamlomo kakafupi kumapeto. Tikakana kuchoka ndiye kuti sitinakhwime. Mukachedwa sabata imodzi mupeza kamutu kali mbee, tonse titagwa kale.

Ulendo woyamba sizinamere. Ndinasunga njerezo m'botolo pawindo miyezi yambiri, kenako ndinazifesa mozama ngati nyemba, ndipo pa njere zonse zija sipanatuluke kanthu. Chaka chotsatira ndinaganizira mmene zimachitira kutchire. Kumeneko palibe amene amazikwirira. Zimagwera pamatope onyowa, mvula n'kuzikanikizira pansi pang'ono, kuwala kukuzifikirabe. Ndiye ndinachita chimodzimodzi. Ndinatenga kabokosi kosazama kobowola pansi, n'kudzazamo dothi losakaniza ndi kompositi yowolerana bwino, yosefa kuti musakhale zibuma. Ndinalinyowetsa kaye, n'kumwaza njere zatsopano pamwamba patangopita masiku ochepa chizitolere, n'kuzikanikiza ndi kathabwa. Pamwamba ndinawazapo mchenga wochepa kwambiri, woti njere zina zinkaonekabe. Kabokosiko ndinakaika m'beseni lokhala ndi madzi ofika chala chimodzi chopingasa, kuti dothi lizimwa kuchokera pansi. Kuthirira ndi kheni pamwamba kumakokolola tinjere n'kutiunjika pakona imodzi.

Kabokosi kameneka kamafuna malo owala koma ozizira, kumene dzuwa la masana silifika. Kutentha kwambiri kumagoneka njere za buttercup, ndipo dothi likauma ngakhale tsiku limodzi pamene zayamba kuphuka, zonse zimapita. Kwa ine zoyamba zinatuluka patatha pafupifupi milungu itatu, ndipo zina zinapitiriza kutuluka mwezi wathunthu pambuyo pake, chimodzi lero, ziwiri mkuja. Musataye dothilo msanga. Timasamba tiwiri toyamba ndi tosalala, tozungulira pang'ono, tosafanana n'komwe ndi chomera chachikulu, moti n'kosavuta kutizula poyesa udzu. Tsamba lachitatu ndi limene limabwera ndi timano, ndipo ukaliona umadziwa kuti ndi iye.

Mbande zikakhala ndi masamba enieni anayi kapena asanu ndimaziika chimodzichimodzi m'machubu, n'kuzisiya mpaka mizu itayamba kusuzumira pansi. Powokera ndimasankha tsiku la mitambo kapena madzulo. Ndimasiya mpata wa masentimita 30 pakati pa chomera ndi chinzake, ndipo chinthu chimene ndimasamala kwambiri ndi kuzama: pamene masamba amakumana ndi mizu payenera kukhala pa mulingo wa nthaka ndendende. Mukakwirira pamenepo pamawola, mukasiya pamtunda mizu yapamwamba imauma. Dongo langa lija sindinalisinthe, ndinangosakanizamo kompositi ndowa ziwiri kuti lizipuma pang'ono, ndipo kangalande kamene ndinakumba kale ndinakatseka. Feteleza sindithira. Nditayesa pa zomera ziwiri, masamba anakula kwambiri n'kukhala ofewa, mapesi n'kugwa pansi, maluwa n'kuchepa. Kompositi yongowaza pamwamba kamodzi pachaka imakwana.

Nkhani yonse ya chomerachi ili pa madzi, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene kale ndinkaziona ngati chimodzi. Pali dothi lonyowa nthawi zonse, limene madzi amadutsamo pang'onopang'ono, ndipo pali chithaphwi choima chimene madzi ake amatentha ndi dzuwa n'kuyamba kununkha. Buttercup amafuna choyambacho. Madzi atamumiza masiku awiri kapena atatu mvula ikagwa yambiri, amadzuka bwinobwino akaphwa. Koma pansi penipeni pa ngodya yanga, pamene madzi amaima milungu, zomera zitatu zimene ndinabzalapo zinawola, pomwe zimene zinali chikhatho chimodzi kumtunda kwake zinakondwa. Mukafuna kudziwa malo oyenera, yang'anani pamene madzi amalekezera mvula ikatha, n'kubzala pa mzere umenewo. M'mbali mwa dziwe, pansi pa mpopi wodontha, kapena kumene madzi a padenga amathera ndi malo abwino. Madzi a sopo ochokera kosambira ndi kochapira musawalondolereko.

Dzuwa nalo limayendera madzi omwewo. Dothi likakhala lonyowa mokwanira, chomerachi chimapirira dzuwa la tsiku lonse ndipo chimachita maluwa ambiri. Kumene chinyezi n'chokayikitsa, chimafuna mthunzi wa masana. Mumthunzi wandiweyani chimakhala ndi moyo ndithu, koma mapesi amatalika n'kuwonda, ndipo kunyezimira kuja, komwe ndi chifukwa chonse chochibzalira, sikuoneka chifukwa palibe kuwala koti kubwezedwe. Pangodya panga dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka chakumasana, kenako khoma limaphimba. Ndikuona kuti pamenepo m'pamene chimakondwa koposa.

Mvula ikatha n'kuyamba kuuma, masamba amafota ndipo nthawi zina amatheratu. Chaka choyamba ndinadandaula poganiza kuti zafa, koma nditafukula pang'ono ndi chala ndinapeza chitsa cholimba, mizu ili yoyera. Tsopano ndimangodula zouma, n'kuphimbira ndi masamba owola, n'kuzika kamtengo pa chitsa chilichonse kuti khasu lisadzachipeze. Ndimathirira kamodzi pa sabata kuti pansi pasaume gwa. Mukamathirira kawirikawiri masamba ena amakhalabe obiriwira chaka chonse. Chinyezi chikabwerera mphukira zimatuluka mofulumira, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino yogawa chitsa chimene chatha zaka ziwiri kapena zitatu. Ndimachikumba chonse ndi dothi lake, n'kuchiviika m'ndowa kuti matope achoke, ndipo pamenepo zimaonekeratu kuti ndi timitu tingapo togwirana. Ndimatilekanitsa ndi manja ovala magolovesi, kapena ndi mpeni pamene palimba, kuonetsetsa kuti kagawo kalikonse kali ndi mphukira ndi mizu yake, n'kubzala nthawi yomweyo mizu isanaume. Zogawazi zimachita maluwa nyengo yomweyo, pomwe za njere zina zimadikira chaka chachiwiri.

Tizilombo sitivuta kwenikweni, mwina chifukwa cha kuwawa kuja. Nkhono zimadya mbande zanthete, ndiye masabata oyamba ndimazitola usiku ndi tochi. Nsabwe za m'masamba zikaunjikana pa mapesi a maluwa ndimazitsuka ndi madzi. Zomera zikapanikizana, kapena zikamva ludzu, masamba amachita zoyera ngati awazidwa phulusa, ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa masamba ogwidwawo, kupatulira ndi kuthirira pansi.

Amene alibe ngodya yonyowa angathe kubzala mumphika. Pamafunika mphika waukulu ndithu, wobowola pansi, wokhazikidwa m'mbale ya madzi imene simauma. Madzi a m'mbalemo muziwataya n'kuthiramo ena masiku awiri kapena atatu alionse, kuti asaole ndiponso kuti udzudzu usaswanemo.

Pali chinthu china chimene wobzala buttercup aliyense ayenera kuchiganizira mofatsa, ndicho kufalikira. Wanga uyu amadzifesa yekha. Chaka chachitatu ndinapeza mbande m'ming'alu ya simenti ndi m'mbali mwa njira, paliponse pamene panali chinyezi. Kuzizula n'kosavuta zikadali zazing'ono, ndipo ndikamadula maluwa ofota njere zisanakhwime vutoli limachepa, maluwa atsopano n'kumabwerabe. Ndimasiya timitu tochepa toti ndidzatolepo njere. Koma abale ake ena ali ndi mbiri yoipa kunja kwa kwawo. Ranunculus repens amatulutsa timapesi toyanga pansi, tozika mizu pa mfundo iliyonse, ndipo atatengedwa kuchoka ku Ulaya wasanduka udzu wovuta ku North America ndi ku New Zealand. Ranunculus acris nayenso anadzaza misipu ya ng'ombe za mkaka ku New Zealand, mpaka m'madera ena anasiya kufa ndi mankhwala ophera udzu a MCPA. Ndiye musanaitanitse njere za buttercup wakutchire kuchokera kutali, fufuzani kaye amene amamera mwachilengedwe kumene mukukhala. Ameneyo nyengo amaidziwa kale, tizilombo tomunyamulira mungu tilipo, ndipo akadumpha mpanda sakasanduka udzu wachilendo wovuta.

Musasokonezenso ndi maluwa amene ogulitsa maluwa amangowatchula kuti ranunculus, aakulu, opindanapindana ngati rozi, ofiira, oyera ndi apinki. Amenewo ndi ochokera kwa Ranunculus asiaticus wa kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Amabzalidwa ndi timizu touma tooneka ngati zikhadabo za nkhanu, ndipo amafuna dothi lotaya madzi msanga. Mukawaika pamalo ngati pangodya panga amawola sabata isanathe. Ndi okongola, sindikana, koma duwa lodzaza timasamba choncho limabisa pakati pake, ndipo tizilombo timavutika kulowamo. Ine mtima wanga uli pa kakang'ono kotseguka aka, kamene m'mawa uliwonse kamakhala ndi alendo: tinjuchi tating'ono takutchire, ntchentche zamizeremizere zimene zimaima m'malere ngati zamangidwa ndi ulusi, ndi tizikumbu tonyezimira timene timagubuduka mu mungu mpaka kusanduka tachikasu.

Chaka chino ndi chachinayi chibzalire. Zitsa zilipo 14, ndipo pakati pake ndaikamo timiyala tathyathyathya topondapo pothothola maluwa ofota. Bambo a mbuzi aja anabwera maluwa ali pachimake, anaima pampanda pomwe paja dzuwa likuwomba, ndipo patapita kanthawi anati, "Mwanangu, zaka zonsezi ndimaupondaponda udzu umenewu, sindinkadziwa kuti umawala chonchi." Anapempha mbande ziwiri zoti akabzale kuseri kwa thanki yawo ya madzi, kumene mbuzi sizifika, ndipo ndinawapatsa pamodzi ndi magolovesi. Masiku apitawa, ndikukweza masamba apansi kuti ndione ngati zitsa zakwana kugawa, ndinapeza kachule kabulauni, kochepa ngati chala changa chaching'ono, katabisala pamatope ozizira pansi pa chitsa chachikulu. Ndinabwezeretsa masambawo mmene analili. Chitsa chimenecho ndidzachigawa chaka chamawa.